Kusowa kwa Wi-Fi pa laputopu pambuyo pa update

Kusowa kwa Wi-Fi pambuyo pa update ndi vuto limene limachitika laputopu yomwe inkalumikiza intaneti bwinobwino ikasiya kutero itangolandira zosintha zatsopano za pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, monga Windows kapena Ubuntu. Nthawi zambiri kachipangizo ka Wi-Fi ka mkati mwa laputopu kamakhala kalibe vuto lililonse. Chimene chimasokonekera ndi driver, yomwe ndi pulogalamu yaing'ono yoyendetsa kachipangizoko. Pa chifukwa chimenechi vutoli limatheka kukonzedwa osafomata laputopu, osataya mafayilo, komanso osagula chipangizo china.

## Driver ndi chiyani

Mkati mwa laputopu muli khadi laling'ono la Wi-Fi. Khadili limalumikizidwa ndi timawaya tiwiri kapena kamodzi ta eriyo tomwe timadutsa m'mahinji n'kukafika m'mbali mwa sikirini. Ntchito yake ndi kutumiza ndi kulandira mafunde a wailesi, makamaka pa 2.4 GHz ndi 5 GHz, motsatira malamulo otchedwa IEEE 802.11 amene anakhazikitsidwa koyamba mu 1997.

Kampani imene dzina lake lili pa chivundikiro cha laputopu, monga HP, Dell, Lenovo, Acer kapena Toshiba, kawirikawiri si imene imapanga khadili. Makhadi ambiri amapangidwa ndi Intel, Realtek, Qualcomm Atheros, Broadcom ndi MediaTek. Malaputopu awiri a dzina limodzi ndi mtundu umodzi akhoza kukhala ndi makhadi a makampani osiyana.

Windows payokha siidziwa kulankhula ndi khadi lililonse. Imadalira driver, imene imakhala ngati womasulira pakati pa awiriwa. Windows ikafuna kuona manetiweki amene ali pafupi, imauza driver, ndipo driver imauza khadi m'chilankhulo chimene khadilo limamva. Womasulirayu akachoka, kapena akabwera wina wosadziwa chilankhulocho, khadi limangokhala chete ngakhale lili lamoyo.

## Chifukwa chake update imasokoneza Wi-Fi

Microsoft imatulutsa ma update achitetezo Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse. Palinso ma update akuluakulu amene amasintha mtundu wonse wa Windows, monga 22H2, 23H2 ndi 24H2 pa Windows 11. Ma update akuluakuluwa ndi amene amakonda kukhudza ma driver. Zimene zimachitika kwambiri ndi izi:

* Windows Update imachotsa driver imene inkagwira ntchito n'kuikapo yatsopano yosagwirizana bwino ndi khadilo.
* Driver yakale imatsala, koma Windows yatsopanoyo imalephera kugwira nayo ntchito.
* Update imadukira panjira chifukwa magetsi athima, ndipo driver imaikidwa mwatheka.
* Zosankha zina zimabwerera mmene zinalili pachiyambi, monga yolola Windows kuzimitsa khadi pofuna kusunga batire.
* Kampani yopanga khadi inasiya kale kutulutsa ma driver a khadi lakalelo.

Nthawi zina cholakwika chimakhala mu update mwenimwenimo. Mu 2019, Windows 10 ya mtundu wa 1903 itatuluka, Microsoft inavomereza kuti makompyuta okhala ndi driver yakale ya Qualcomm ankadukiridwa Wi-Fi pafupipafupi, ndipo inaimitsa kaye kutumiza update imeneyi ku makompyuta oterowo mpaka driver itasinthidwa. Mu December 2023, ma update a KB5032288 ndi KB5033375 a Windows 11 analepheretsa malaputopu ena kulumikiza manetiweki a m'mayunivesite ndi m'makampani, ndipo Microsoft inabweza kusinthako patapita masiku ochepa.

## Vutoli ku Biwi ndi madera ena a Lilongwe

M'madera monga Biwi, Kawale, Mchesi, Chinsapo, Area 23 ndi Area 25, malaputopu ambiri a ophunzira ndi a mabizinesi ang'onoang'ono ndi ogwiritsidwa kale ntchito, ochokera kunja. Otchuka ndi a mtundu wa HP EliteBook ndi ProBook, Dell Latitude komanso Lenovo ThinkPad. Ena mwa awa anapangidwa nthawi ya Windows 7 kapena Windows 8, ndipo anaikidwa Windows 10, imene inatuluka pa 29 July 2015, asanagulitsidwe.

Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 October 2025. Windows 11, yomwe inatuluka pa 5 October 2021, imafuna kachipangizo kachitetezo ka TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, monga ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita mtsogolo. Pali njira zoikira Windows 11 mokakamiza pa laputopu yosakwanitsa zimenezi, koma khadi la Wi-Fi la laputopu yotero likhoza kukhala lopanda driver yolembedwera Windows 11.

Zinthu zina ziwiri zimawonjezera vutoli. Choyamba ndi kuthima kwa magetsi. Laputopu yakale imene batire lake linatha mphamvu imazima nthawi yomweyo magetsi akapita, ngakhale update ili mkati. Chachiwiri ndi chakuti anthu ambiri amapeza intaneti kudzera pa hotspot ya foni kapena pa MiFi ya Airtel kapena TNM. Update yaikulu imadya ma gigabyte angapo, choncho bandulo ikhoza kutha ntchito isanathe. Ndiponso Wi-Fi ikasowa, laputopu imakhala yopanda njira yodawunilodera driver imene ikufunikayo.

Ambiri zikatere amathamangira kufomata. Kufomata kumafafaniza zonse zimene zili pa gawo la disiki lomwe muli Windows: ntchito za kusukulu, zithunzi, makalata ofunsira ntchito ndi maakaunti a bizinesi. Komanso si nthawi zonse pamene kumathetsa vutoli, chifukwa Windows yongoikidwa kumene ikhoza kukhalanso yopanda driver ya khadilo. Ku Biwi Triangle, kumene kuli magalaji ndi mashopu ambiri a zipangizo za galimoto, makaniko wodziwa ntchito sayamba n'kutsitsa injini galimoto ikakana kulira. Amayamba waona batire ndi mafuta. Kukonza Wi-Fi kumatsatiranso dongosolo lomwelo, kuyambira pa zosavuta kupita pa zovuta.

## Zizindikiro

Mmene vutoli likuonekera zimathandiza kudziwa komwe lili.

Ngati chizindikiro cha Wi-Fi chasoweratu pansi pa sikirini, ndipo mu Settings mulibenso mawu akuti Wi-Fi, ndiye kuti Windows sikuliona khadi. Apa driver ndi imene imaganiziridwa koyamba.

Ngati Wi-Fi ikuoneka koma palibe netiweki ngakhale imodzi pa mndandanda, khadi likhoza kukhala lozimitsidwa ndi batani kapena ndi Airplane mode.

Ngati manetiweki a anthu oyandikana nawo akuoneka koma hotspot ya mwini laputopu yokha ndi imene sikuoneka, kawirikawiri hotspot imakhala ili pa 5 GHz pamene khadi lakalelo limamva 2.4 GHz yokha.

Ngati laputopu ikulumikiza koma masamba sakutseguka, vuto likhoza kukhala la bandulo, la netiweki ya kampani ya mafoni, kapena la zosankha za mu Windows, osati la driver.

Ngati ikulumikiza n'kumadukaduka, makamaka ikadzuka ku Sleep, zosankha zosungira batire ndi zimene zimayenera kuonedwa.

## Kakonzedwe pa Windows

### Zoyamba kuyesa

Choyambirira ndi kulumikiza foni ina ku Wi-Fi yomweyo. Foni ikalepheranso, laputopu ilibe mlandu.

Kenako ndi kuona ngati Airplane mode yazimitsidwa. Malaputopu ambiri ali ndi batani lokhala ndi chithunzi cha eriyo kapena cha ndege pa mzere wa F1 mpaka F12, limene limadinidwa limodzi ndi Fn. Akale ena ali ndi kaswichi m'mbali kapena kutsogolo, kamene kamatha kusuntha kokha m'chikwama.

Chachitatu ndi kusankha Restart, osati Shut down. Pa Windows 10 ndi 11, Shut down siizimitsa zonse chifukwa cha njira yotchedwa Fast startup, imene imasunga ma driver mmene analili kuti laputopu iyake msanga. Restart ndi imene imayambitsa ma driver mwatsopano. Zikakanika, laputopu izimitsidwe, chaja chizulidwe, batire lichotsedwe ngati ndi lochotseka, kenako batani loyatsira lidinidwe kwa masekondi 30. Izi zimachotsa mphamvu yotsalira ndipo nthawi zina zimadzutsa khadi limene linakakamira.

### Kuyang'ana mu Device Manager

Device Manager ndi malo amene Windows imaonetsa zipangizo zonse za mu kompyuta. Imatsegulidwa podina batani lakumanja la mausi pa Start n'kusankha Device Manager. Khadi la Wi-Fi limapezeka pansi pa Network adapters, ndipo dzina lake limakhala ndi mawu monga Wireless, Wi-Fi, WLAN kapena 802.11.

Kamuvi koloza pansi pa dzinalo kamatanthauza kuti khadi lazimitsidwa, ndipo limayatsidwa posankha Enable device. Kachizindikiro kachikasu kamatanthauza kuti pali vuto, ndipo nambala ya vutolo imalembedwa mu Properties:

* Code 10: khadi lalephera kuyamba ntchito.
* Code 22: khadi lazimitsidwa.
* Code 28: driver sinaikidwe.
* Code 31: Windows yalephera kutsegula driver.
* Code 43: Windows yaimitsa khadi chifukwa lanena kuti lili ndi vuto.
* Code 52: Windows yalephera kutsimikiza siginecha ya driver.

Khadi likasowa pansi pa Network adapters, likhoza kupezeka pansi pa Other devices ndi dzina lakuti Network Controller. Imeneyi ndi nkhani yabwino, chifukwa zikusonyeza kuti khadi lili lamoyo koma lilibe driver.

### Kubwezera driver yakale

Mu Properties, pa tsamba la Driver, muli batani la Roll Back Driver. Batanili limabwezera driver imene inalipo update isanabwere, ndipo silifuna intaneti. Likakhala lotuwa, losadinika, ndiye kuti Windows sinasunge yakale pamenepo.

Njira ina ndi kusankha Update driver, kenako Browse my computer for drivers, kenako Let me pick from a list. Pamenepa pamaoneka ma driver onse a khadilo amene ali kale mu laputopu, ndipo munthu akhoza kuyesa ina mwa akalewo.

Njira yachitatu ndi Uninstall device, kenako Restart, kuti Windows iike khadilo mwatsopano. Pochita izi pamabwera kabokosi kofunsa ngati driver ifafanizidwe. Kabokosika kasachongedwe pokhapokha ngati driver ina ilipo kale pa fulashi, apo ayi laputopu ikhoza kutsala yopanda driver iliyonse.

### Zosankha zina

Ngati Wi-Fi ikudukaduka, mu Properties ya khadi mukhoza kupezeka tsamba la Power Management, ndipo chongi chololeza kompyuta kuzimitsa khadi posunga batire chichotsedwe.

Windows ilinso ndi ntchito ya mkati yotchedwa WLAN AutoConfig, imene imafufuza ndi kulumikiza manetiweki. Imaonedwa polemba services.msc pa Start. Iyenera kukhala pa Running, ndipo kayambidwe kake kakhale Automatic.

Network reset, imene ili mu Settings pansi pa Network & Internet, imachotsa zolumikizira zonse n'kuziikanso. Ikatha, mapasiwedi a Wi-Fi amafunika kulembedwanso, choncho ndi bwino kukhala nawo pafupi.

### Kuchotsa update

Zonsezi zikalephera, update imene yabweretsa vuto ikhoza kuchotsedwa. Ma update a mwezi ndi mwezi amachotsedwa mu Windows Update, pa Update history, posankha Uninstall updates. Tsiku limene update iliyonse inaikidwa limaoneka pamenepo, ndipo limathandiza kuona imene inalowa Wi-Fi itatsala pang'ono kusowa.

Update yaikulu imabwezedwa pa Recovery posankha Go back. Mwayi umenewu umakhalapo kwa masiku 10 okha, ndipo umadalira foda ya Windows.old. Munthu akafafaniza fodayi pofuna malo pa disiki, mwayiwo umatha. Go back siifafaniza mafayilo a munthu, koma mapulogalamu oikidwa pambuyo pa update amafunika kuikidwanso.

## Kupeza driver popanda Wi-Fi

Pali njira zitatu zopezera driver laputopu ilibe Wi-Fi.

Yosavuta kwambiri ndi USB tethering. Foni ya Android imalumikizidwa ku laputopu ndi chingwe cha USB, kenako USB tethering imayatsidwa mu Settings ya foniyo, pafupi ndi pamene pali hotspot. Laputopu imalandira intaneti kudzera pa chingwe, osadutsira pa khadi la Wi-Fi. Chingwecho chiyenera kukhala chonyamula data, chifukwa zingwe zina zotsika mtengo zimangotchaja basi. Intaneti ikabwera, ma driver amapezeka mu Windows Update pansi pa Optional updates.

Yachiwiri ndi chingwe cha Ethernet cholumikiza laputopu ku rauta, ngati zonse ziwiri zili ndi polowetsa chingwecho.

Yachitatu ndi kudawuniloda driver pa kompyuta ina kapena pa foni, n'kuisamutsa ndi fulashi kapena chingwe.

Driver iyenera kukhala ya khadi lenilenilo, monga mmene chipangizo cha galimoto chimayenera kukhala cha mtundu wa galimotoyo. Dzina la khadi likapanda kuoneka, limadziwika kudzera mu Properties, tsamba la Details, posankha Hardware Ids. Pamatuluka mzere woyamba ndi PCI\VEN_ wotsatiridwa ndi zilembo kapena manambala anayi osonyeza kampani: 8086 ndi Intel, 10EC ndi Realtek, 14E4 ndi Broadcom, 168C ndi Qualcomm Atheros, ndipo 14C3 ndi MediaTek. Zinayi zotsatira DEV_ zimasonyeza mtundu wa khadilo.

Malo odalirika ndi webusaiti ya kampani ya laputopu, kumene munthu amalemba nambala ya siriyo yomwe ili pansi pa laputopu. Dell imaitchula nambalayi kuti Service Tag. Intel imaperekanso ma driver a makhadi ake pa webusaiti yake. Pa Windows 10 m'pofunika kudziwa ngati ndi ya 32-bit kapena 64-bit, pamene Windows 11 ndi ya 64-bit yokha. Ngati palibe driver ya Windows 11, ya Windows 10 ya 64-bit nthawi zambiri imagwira. Mawebusaiti osadziwika olonjeza kukonza ma driver onse nthawi imodzi ndi oopsa, chifukwa ena amabwera ndi mavairasi kapena mapulogalamu otsatsa malonda.

## Pa Ubuntu ndi Linux

Anthu ena amaika Ubuntu kapena Linux Mint pa malaputopu akale osakwanitsa Windows 11. Pa Linux, ma driver ambiri amakhala mkati mwa kernel, yomwe ndi mtima wa pulogalamu yonseyo. Makhadi a Intel ndi Atheros kawirikawiri amagwira osavuta. Ena a Broadcom ndi Realtek amafuna driver yapadera imene imamangidwanso nthawi iliyonse kernel ikasintha, kudzera mu njira yotchedwa DKMS. Kumangako kukalephera, Wi-Fi imasowa laputopu ikangoyakanso.

Mu Terminal, lamulo la lspci -nnk limaonetsa khadi ndi driver imene ikugwiritsidwa ntchito. Lamulo la rfkill list limaonetsa ngati Wi-Fi yatsekedwa. Soft blocked imatsegulidwa ndi rfkill unblock wifi, pamene Hard blocked imatanthauza kuti yatsekedwa ndi batani, swichi kapena BIOS.

Ubuntu imasunga kernel yakale. Poyatsa laputopu, pa mndandanda wa GRUB, munthu akhoza kusankha Advanced options for Ubuntu n'kuyatsa ndi kernel yakaleyo. Wi-Fi ikabwerera, ndiye kuti kernel yatsopano ndi imene yabweretsa vuto. Ma driver apadera amaikidwa kudzera mu Additional Drivers, laputopu italumikizidwa ndi USB tethering. Secure Boot ikhozanso kukaniza driver yopanda siginecha yovomerezeka.

## Ngati vuto lili pa khadi

Nthawi zina khadi limafadi, ndipo zimangochitika kuti lafa nthawi ya update. Njira yabwino yotsimikizira ndi kuyatsa laputopu ndi fulashi yokhala ndi Ubuntu, osaika chilichonse pa disiki. Wi-Fi ikagwira pamenepo, khadi lili bwino ndipo vuto lili mu Windows. Khadi likapanda kuoneka ngakhale pa lspci, komanso mu BIOS Wi-Fi ili yoyatsidwa, ndiye kuti khadi lakhwefuka kapena lafa.

Pa malaputopu ambiri khadili ndi lochotseka, la mtundu wa Mini PCIe pa akale kapena M.2 pa atsopanoko, ndipo wokonza makompyuta akhoza kulizula n'kulibwezera kapena kulisintha. Malaputopu ena akale a HP ndi Lenovo amakana khadi limene kampaniyo sinalivomereze. Njira ina yosafuna kutsegula laputopu ndi kugula kachipangizo ka Wi-Fi kolowetsa pa USB, koma nakonso kamafuna driver yake.

Laputopu isanapite kwa wokonza, mafayilo ofunika akoperedwe pa fulashi, ndipo mwini wake anene momveka kuti isafomatidwe asanafunsidwe.

## Kupewa

Driver ya Wi-Fi ndi yabwino kuisunga pa fulashi laputopu ikadali bwino. Pa Windows 10 ndi 11, lamulo la pnputil /export-driver * lotsatiridwa ndi dzina la foda limakopera ma driver oikidwa mu laputopu kupita mu fodayo. Lamuloli limalembedwa mu Command Prompt yotsegulidwa ngati Administrator.

Update yaikulu ichitike batire litadzaza komanso pa nthawi imene magetsi akuyembekezeka kukhalapo. Hotspot ya foni ikhoza kuikidwa pa Metered connection kuti Windows isamadawunilode ma update akuluakulu mwa iyo yokha. Windows imalolanso kuimitsa ma update kwa milungu isanu, zimene zimathandiza wophunzira amene ali mkati mwa mayeso kapena akumaliza kulemba kafukufuku. Kuzimitsiratu ma update si kwabwino, chifukwa ndi amene amatseka mipata yolowera mavairasi.